Foni Yakale Isanapite kwa Wina: Kusunga, Kutuluka ndi Kufufuta

Mafoni amakono ambiri omwe ali m'manja mwa anthu pa Chipyela ndi m'midzi ina ya pa chilumba cha Likoma sadayambire kwa eni ake a lero. Ina idachokera kwa mwana yemwe ali pa ntchito ku Lilongwe, ina kwa mlongo wa ku Johannesburg, ina idagulidwa kwa wapaulendo pa Mbamba tsiku lofika sitima ya Ilala. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, foni yomweyo imapitiriza ulendo wake. Bambo amapatsa mwana yemwe wasankhidwa kupita ku sekondale, mphunzitsi yemwe akusamukira kumtunda amagulitsa, ndipo msodzi amaisinthanitsa ndi ndalama nyengo ya mwera pamene mabwato akhala masiku osalowa m'madzi.

Kusinthana kotereku n'kwabwino, chifukwa kumathandiza mabanja omwe sangakwanitse foni yatsopano kuti nawonso alandire mauthenga a chitukuko, ndalama za abale ndi maphunziro. Vuto lili pa zomwe zimatsalira m'kati mwa foniyo, komanso pa zomwe zimatayika munthu akafufuta mopupuluma. Phunziro lino likufotokoza za njira yobwezera foni m'mene idalili pochoka ku fakitale, yomwe pa foni pamalembedwa kuti factory reset. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: ntchitoyi ili ndi magawo atatu, kusunga, kutuluka ndi kufufuta, ndipo magawowa sayenera kusinthanitsidwa.

Zomwe foni imanyamula

Foni ya mayi wochita geni ya usipa imakhala ndi manambala a makasitomala ake a ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, mauthenga otsimikiza kuti ndalama zalowa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndi mayina a anthu omwe adatenga nsomba pangongole. Foni ya mlembi wa banki mkhonde imakhala ndi zithunzi za masamba a kaundula wa masheya. Foni ya kholo imakhala ndi chithunzi cha chiphaso cha unzika, cha lisiti ya fizi, mwinanso cha buku la kuchipatala. Foni ya wachinyamata imakhala ndi zokambirana ndi zithunzi zomwe mwini wake sangafune kuti munthu wina aliyense azione.

Zinthuzi zili ndi nkhope ziwiri. Mwini wake akazitaya, wataya umboni wa ngongole, msika ndi chikumbutso cha banja. Zikagwa m'manja mwa munthu wina, zimasanduka chida chobera kapena chochititsira manyazi. Wakuba yemwe ali ndi chithunzi cha chiphaso cha munthu, mayina a abale ake ndi akaunti yake ya WhatsApp kapena Facebook yotseguka, akhoza kulembera abalewo ngati kuti ndi mwini foni, n'kupempha ndalama za matenda omwe kulibe. Pa boma lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu ongopitirira 14,000 pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, pafupifupi aliyense amadziwana. Chinsinsi chomwe chatuluka m'mawa pa Chipyela chimakhala chitafika ku Makulawe ndi ku Nkhwazi dzuwa lisanalowe.

Tanthauzo la factory reset

Factory reset ndi lamulo lomwe mwini foni amapereka kuti foni ichotse zonse zomwe zidalowamo kuyambira tsiku lomwe idayatsidwa koyamba. Zimachoka ndi izi: zithunzi, mavidiyo, nyimbo, mauthenga, manambala osungidwa m'foni, mapulogalamu omwe adaikidwamo, maakaunti, ndi loko wa pa sikirini. Foni ikayaka imafunsa chiyankhulo ndi netiweki ngati yangotuluka kumene m'katoni.

Pali zinthu zina zomwe factory reset sichotsa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Sikhudza zomwe zili pa simukhadi. Kawirikawiri sikhudzanso memori khadi, pokhapokha mwini wake atasankha kutero. Sitseka akaunti ya Google, Facebook kapena WhatsApp, chifukwa maakauntiwa amakhala pa makompyuta a makampaniwo ndipo foni idali khomo chabe lolowera. Sichotsa ndalama za pa Mpamba, Airtel Money kapena ku banki, chifukwa ndalamazo zimasungidwa pa akaunti yomangirizidwa ku nambala ya munthu, osati m'chitsulo cha foni. Sisintha nambala ya IMEI, yomwe ili ngati chiphaso cha foni iliyonse. Ndipo foni yomwe idatengedwa pangongole n'kutsekedwa ndi kampani chifukwa cha kulephera kulipira simasuka ndi njira imeneyi.

Komanso factory reset si mankhwala a matenda onse. Imathandiza foni yomwe yayamba kuchedwa chifukwa chodzaza, kapena yomwe yalowa mapulogalamu oipa otulutsa zotsatsa malonda nthawi zonse. Koma sichiza batire lotupa, sikirini yosweka, foni yomwe idagwera m'madzi kapena pobayira chaja pomwe padawonongeka. Sisandutsanso foni yakale kukhala yatsopano: foni yomwe ili ndi Android yotsika kuposa 5.0 idasiya kulandira WhatsApp mu Okutobala 2023, ndipo ngakhale itafufutidwa kakhumi sidzailandira.

Choncho nthawi zoyenera kufufuta ndi zitatu: pamene foni ikugulitsidwa kapena kuperekedwa kwa wina, pamene munthu walandira foni yomwe muli zinthu za mwini wake wakale, ndi pamene njira zina zonse zokonzera foni yovuta zalephera. Foni yongochedwa iyambe yachotsedwa mavidiyo akale a m'magulu a WhatsApp ndi mapulogalamu osagwiritsidwa ntchito. Nthawi zambiri izi zokha zimakwanira.

Gawo loyamba: kusunga

Madzi akatayika sawoleka. Asanakhudze batani lililonse lofufutira, mwini foni akhale pansi ndi kope ndi cholembera, n'kudzifunsa chomwe angalire nacho mawa foniyo itagwera m'nyanja. Yankho la funso limeneli ndi mndandanda wa zoyenera kusunga.

Manambala a anthu ndiwo oyamba. Njira yodalirika ndi kuwasunga pa akaunti ya Google, chifukwa amabwera okha munthu akalowa mu akauntiyo pa foni ina. Amathanso kukopedwa kupita pa memori khadi kudzera pa Import/Export m'pulogalamu ya Contacts. Simukhadi imasunga mayina pafupifupi 250 okha, ndipo dzina lililonse limapita ndi nambala imodzi, motero siyokwanira kwa munthu wa bizinesi. Manambala ofunikitsitsa, monga a makasitomala akuluakulu, a kuchipatala cha St Peter's, a apolisi ndi a abale a kutali, alembedwenso m'kope.

Zithunzi ndi mavidiyo zikhoza kusamutsidwira pa memori khadi, pa kompyuta pogwiritsa ntchito chingwe cha chaja, kapena pa foni yatsopano mwachindunji. Akaunti iliyonse ya Google ili ndi malo aulere okwana 15 GB, koma kukweza zinthu pa intaneti kumadya bandulo, makamaka mavidiyo. Munthu wa bandulo yochepa asankhe zithunzi za mapepala ofunika ndi za banja, zotsalazo apititse pa memori khadi. Akamaliza atsegule zingapo pomwe wazisungapo kuti aone ndi maso ake kuti zafikadi.

Zokambirana za pa WhatsApp zimasungidwa polowa pa Settings, kenako Chats, kenako Chat backup. Kuti zidzabwerere pa foni ina, pamafunika nambala yomweyo ya foni ndi akaunti yomweyo ya Google. Munthu yemwe akusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, foni ndi nambala, ayambe wasintha nambala m'kati mwa WhatsApp foni yakale idakali m'manja mwake.

Mauthenga a ndalama amafuna chidwi chapadera. Ndalama zenizenizo sizitayika, ndipo munthu akaika simukhadi yake m'foni ina n'kuimba *211# kapena *444# amazipeza zili momwemo. Chomwe chimatayika ndi uthenga wotsimikiza kuti adalipira fizi, adabweza ngongole kapena adalandira za nsomba. Pomwe pali nkhani ya ndalama yomwe siidathe, nambala ya uthengawo, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama zilembedwe m'kope.

Chomaliza pa gawoli, chomwenso chimagwetsa anthu ambiri, ndi imelo ndi pasiwedi ya Google. Anthu ochuluka adatsegulidwira akaunti ndi mdzukulu kapena ndi wogulitsa foni, ndipo sadziwa ngakhale dzina la akauntiyo. Dzinalo limaoneka pa Settings, pa gawo la Accounts. Pasiwedi iyesedwe polowa mu akauntiyo pa foni ina. Ikakhala kuti idaiwalika, isinthidwe foni yakale isanafufutidwe, chifukwa uthenga wotsimikizira umafika pa foni yomweyo kapena pa nambala yake. Kampani ya Google imalangiza kuti munthu akasintha pasiwedi adikire maola 24 asanachite factory reset.

Gawo lachiwiri: kutuluka

Zonse zikasungidwa, mwini foni atuluke m'maakaunti ake onse, monga munthu wosamuka m'nyumba ya lendi amabweza makiyi. Ayambe ndi mapulogalamu a banki ndi a ndalama, kenako Facebook, imelo ndi ena otero. Pomaliza achotse akaunti ya Google polowa pa Settings, Accounts, kusankha akauntiyo, n'kudina Remove account. Mafoni a Samsung amakhalanso ndi akaunti ya Samsung, yomwe nayo iyenera kuchotsedwa. Kuchotsa akaunti pa foni sikuipha. Kumangothetsa ubale wake ndi foniyo.

Chifukwa chake n'chakuti kuyambira pa Android 5.1, yomwe idatuluka m'chaka cha 2015, mafoni ali ndi chitetezo chotchedwa Factory Reset Protection. Chitetezochi chidaikidwa pofuna kugwetsa ulesi akuba. Foni ikafufutidwa akaunti ya Google idakali momwemo, makamaka ikafufutidwa pogwiritsa ntchito mabatani a m'mbali, poyaka imafuna imelo ndi pasiwedi ya mwini wake wakale. Popanda zimenezi siipitirira. Mafoni a iPhone ali ndi chitetezo chofanana nacho chotchedwa Activation Lock, chomwe chidayamba m'chaka cha 2013, ndipo mwini wake ayenera kuzimitsa Find My iPhone ndi kutuluka mu akaunti ya Apple asanapereke foni.

Pa chilumba, kulakwitsa apa kumadula. Ngati mwini wake wakale wakwera sitima n'kupita, kapena waoloka kupita ku Cobue, wogula amatsala ndi foni yongowala sikirini. Kukafuna katswiri kumtunda ndi ulendo wa maola ambiri pamadzi, ndi mtengo wa sitima kupita ndi kubwera, mwinanso malo ogona. Ndalama zimenezi zikhoza kufanana ndi mtengo wa foni yakaleyo. Ntchito ya mphindi ziwiri yochotsa akaunti imapewetsa zonsezi.

Kenako achotse simukhadi ndi memori khadi. Mafoni ambiri a Itel, Tecno ndi Samsung ali ndi malo a masimukhadi awiri, motero ndi bwino kuyang'ana malo onse. Simukhadi siyenera kugulitsidwa limodzi ndi foni. Kuyambira m'chaka cha 2018, bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo chilichonse chochitika pa nambalayo chimalondoleredwa kwa munthu yemwe adailembetsa ndi chiphaso chake. Wogula akaigwiritsa ntchito pobera anthu, apolisi amayamba kugogoda pa khomo la mwini dzina.

Chenjezo pa mafoni akale kwambiri

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Foni yakale yofufutidwa imaoneka yoyera, koma pa mafoni ena zinthu zimakhala zidakalimo. M'chaka cha 2014, kampani ya Avast idagula mafoni 20 ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe eni ake ankakhulupirira kuti adawafufuta, ndipo idatulutsamo zithunzi zoposa 40,000. M'chaka cha 2015, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Cambridge, Laurent Simon ndi Ross Anderson, adayesa mafoni 21 a makampani asanu, okhala ndi Android 2.3 mpaka 4.3. Adapeza kuti atachita factory reset ankathabe kubweza zina mwa zomwe zidalimo, ndipo pa mafoni 80 mwa 100 alionse zidali zotheka kupeza chizindikiro cholowera mu akaunti ya Google ya mwini wake.

Zimatheka bwanji? Pa mafoni akalewo, kufufuta kumafanana ndi kung'amba tsamba loyamba la buku, pomwe pali mndandanda wa mitu. Munthu wamba sangadziwenso pomwe nkhani iliyonse ili, koma masamba onse ali chikhalire, ndipo wodziwa akhoza kuwawerenga limodzi ndi limodzi. Malo omwe chithunzi chidali amangolembedwa kuti ndi opanda kanthu, koma chithunzicho chimakhalapo mpaka chinthu china chitadzalembedwa pamwamba pake.

Mafoni a masiku ano adathetsa vutoli ndi njira yotchedwa encryption. Foni imasokoneza mwadala zonse zomwe ikusunga kuti zisawerengeke popanda kiyi yobisika m'kati mwake. Pofufuta, foni imawononga kiyiyo. Zili ngati kutsekera makalata m'bokosi lachitsulo losaswa, n'kuponya kiyi pakati pa nyanja. Kuyambira pa Android 6.0 mafoni ambiri adayamba kubwera ndi chitetezochi, ngakhale ena otsika mtengo adatsalira, ndipo kuyambira pa Android 10 ya m'chaka cha 2019 chidakhala chokakamiza pa mafoni atsopano. Mafoni a iPhone akhala nacho kuyambira m'chaka cha 2009.

Mwini foni aone mtundu wa Android yake pa Settings, pa gawo la About phone. Ikakhala yotsika kuposa 10, alowe pa Security n'kufufuza mawu akuti Encrypt phone. Akapeza kuti palembedwa Encrypted, ntchitoyo idachitika kale. Akapeza kuti siidachitike, aichite asanafufute. Pamafunika kuika nambala yachinsinsi ya pa sikirini, batire likhale lodzaza, ndipo foni ikhale pa chaja kwa ola limodzi kapena kuposerapo popanda kuisokoneza. Ntchitoyi ichitike nthawi yomwe magetsi ndi odalirika, chifukwa foni ikazima ili pakati zinthu zimawonongeka. N'chifukwa chakenso kusunga kumayambirira.

Pa foni yomwe ilibiretu njira imeneyi, pali china chomwe chimachepetsa chiopsezo. Ikafufutidwa, iyatsidwe popanda kulowetsa akaunti iliyonse, kamera yake ijambule vidiyo ya khoma kapena ya nyanja mpaka malo onse atadzaza, kenako ifufutidwenso. Vidiyo yopanda pakeyo imalemba pamwamba pa zinthu zakale. Njirayi siitsimikiza kuti zonse zatheratu, motero foni yakale kwambiri yomwe idasungapo zinsinsi zazikulu ndi bwino kuisunga m'nyumba kusiyana ndi kuigulitsa.

Gawo lachitatu: kufufuta

Magawo awiri aja akatha, lotsalali ndi losavuta. Batire likhale pa 70 peresenti kapena kuposerapo. Mawu a pa sikirini amasiyana pang'ono malinga ndi kampani. Pa mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Nokia, njira yake ndi Settings, System, Reset options, kenako Erase all data. Pa Samsung ndi Settings, General management, Reset, kenako Factory data reset. Pa mafoni akale kwambiri mawuwa amapezeka pansi pa Backup and reset. Pa iPhone ndi Settings, General, Transfer or Reset iPhone, kenako Erase All Content and Settings. Munthu yemwe sakuwapeza alembe mawu akuti reset pa malo ofufuzira omwe ali pamwamba pa Settings.

Apa pamafunika kuwerenga modekha, chifukwa pamakhala zosankha zingapo zofanana mayina. Reset network settings imangochotsa za netiweki, ndipo Reset all settings imangobwezera makonzedwe a foni osachotsa zithunzi kapena mauthenga. Munthu akhoza kudina chimodzi mwa izi, n'kupereka foni akuganiza kuti wafufuta. Chosankha choyenera chimachenjeza momveka kuti zonse zichoka, ndipo chimafunsa nambala yachinsinsi ya pa sikirini.

Foni imazima, n'kuyaka yokha, ndipo ntchitoyi ikhoza kutenga mphindi zochepa mpaka ola lathunthu. Isazimitsidwe, ndipo batire lisachotsedwe. Ikafika pa sikirini ya malonje, mwini wake apitirire pang'ono popanda kulowetsa akaunti kuti aone zinthu ziwiri: kuti siikufunsa imelo yake yakale, komanso kuti malo a zithunzi, mauthenga ndi manambala alidi opanda kanthu. Zikakhala choncho, foni yakonzeka kupita kwa wina.

Foni yomwe yakana kutseguka

Zimachitika kuti mwana wasintha loko wa pa sikirini, kapena mwini wake waiwala nambala. Foni ya Android ikhoza kufufutidwa ndi mabatani. Imayamba yazimitsidwa, kenako pa mafoni ambiri amadina limodzi batani loyatsira ndi lokwezera mawu mpaka patatuluka mndandanda wa mawu ang'onoang'ono. Mabatani a mawu ndiwo amayendetsa, kufika pa Wipe data/factory reset, ndipo batani loyatsira limavomereza.

Njirayi ndi ya potsiriza, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, munthu amafufuta asanasunge kanthu, motero zonse zomwe sizidali pa akaunti ya Google kapena pa memori khadi zimapita. Chachiwiri, chitetezo chija cha Factory Reset Protection chimadzuka, ndipo foni imafuna imelo ndi pasiwedi. Yemwe sakuzidziwa asayambe n'komwe. Safunsa adadya phula: ndi bwino kuyamba wafunsa yemwe adatsegula akauntiyo kusiyana ndi kusandutsa foni yokhoma khomo limodzi kukhala yokhoma makomo awiri.

Munthu akapita ndi foni kwa wokonza, achotse simukhadi ndi memori khadi, ndipo ngati n'kotheka akhalepo pamene ntchito ikuchitika. Nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena ya ku banki siifunika pa kukonza foni kwa mtundu wina uliwonse. Aliyense woifunsa ali ndi cholinga china.

Udindo wa wogula ndi wolandira

Wogula foni yakale apemphe kuti ifufutidwe iye akuona, ndipo asapereke ndalama mpaka foniyo itayaka n'kufika pa sikirini yaikulu osafunsa akaunti ya munthu wina. Aimbe *#06# kuti aone nambala ya IMEI, yomwe imakhala ndi manambala 15, n'kuifananiza ndi yomwe ili pa katoni kapena pansi pa batire. Nambalayi ilembedwe pa kapepala ka mgwirizano pamodzi ndi mayina a onse awiri, tsiku ndi mtengo, pamaso pa mboni. Kapepalaka n'kothandiza foni ikadzabedwa, komanso wina akadzabwera n'kunena kuti ndi yake.

Wogulitsa yemwe akuti waiwala pasiwedi, alibe katoni, akufulumira kukakwera sitima ndipo mtengo wake ndi wotsika modabwitsa, ayenera kukayikiridwa. Malamulo a dziko lino amazenga mlandu munthu wolandira katundu yemwe akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba.

Yemwe walandira foni n'kupezamo zithunzi kapena mauthenga a mwini wake wakale amudziwitse, amupatse mpata wotenga zomwe akufuna, kenako afufute. Kuwerenga, kugawa kapena kuopseza nazo munthu n'kusowa umunthu, ndiponso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za wina za pa makina popanda chilolezo, ndi kuzunza munthu kudzera pa makinawa.

Mafoni a ntchito za chitukuko

Pali mafoni ndi matabuleti omwe ali m'manja mwa alangizi a zaumoyo, a zausodzi, aphunzitsi ndi ogwira ntchito za chitukuko. Ngakhale mamembala a makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a makomiti oyang'anira usodzi m'madoko amasunga m'mafoni awo mayina a anthu olandira thandizo, manambala a ziphaso zawo ndi zithunzi za makaundula. Zinthu zimenezi si za mwini foni. Ndi za anthu omwe adazipereka pokhulupirira kuti zisamalidwa.

Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo woliyang'anira, limafuna kuti aliyense wotolera ndi kusunga mbiri za anthu ena aziteteze kuti zisatayike komanso zisagwe m'manja olakwika. Choncho foni ya ntchito isafufutidwe mwini ntchito asanavomereze, chifukwa mukhoza kukhala malipoti omwe sadatumizidwe chifukwa cha kuvuta kwa netiweki. Isaperekedwenso kwa wolowa m'malo, kapena kwa mwana wa kunyumba, isanafufutidwe moyenera. Komiti ikamasintha atsogoleri, mlembi wotuluka apereke zolemba zonse kwa wolowa, kenako azichotse m'foni mwake.

Foni yomwe yaferatu

Foni yosayakanso siingafufutidwe, koma zomwe zili m'kati zikhoza kuoneka wina akaisintha sikirini kapena batire. Mwini wake achotse makhadi onse, alowe mu akaunti yake ya Google pa foni ina, asinthe pasiwedi, n'kuchotsa foni yakufayo pa mndandanda wa zipangizo za akauntiyo. Achitenso chimodzimodzi ndi Facebook. Izi ndi zomwenso ayenera kuchita munthu yemwe foni yake yabedwa, kuphatikizapo kudziwitsa apolisi ndi kutseketsa nambala ku kampani ya netiweki.

Foni yakufa isaponyedwe m'nyanja, m'chimbudzi kapena pa moto. Batire lake likhoza kuphulika likatenthedwa kapena kubooledwa, ndipo m'zipangizo zake muli zitsulo zoipitsa madzi ndi nthaka. Lipoti la mabungwe a United Nations lidasonyeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomwe zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Chilumba chili ndi malo ochepa otayako zinyalala, ndipo nyanja yomwe yachizungulira ndiyo munda, chitsime ndi msewu wa anthu ake. Foni yakufa isungidwe pa malo ouma, kutali ndi ana ndi moto, kapena iperekedwe kwa okonza mafoni omwe amagwiritsanso ntchito zipangizo zake.

Zoyenera kukambirana m'magulu

Makomiti a chitukuko, magulu a banki mkhonde, makalabu a achinyamata ndi magulu a m'mipingo akhoza kugwiritsa ntchito mafunso awa pa misonkhano yawo. Ndi mamembala angati omwe akudziwa imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google ya pa foni yawo? Foni ya mlembi kapena msungichuma itatayika lero, gulu lingataye chiyani, ndipo zolemba zomwezo zikupezeka kuti kwina? Ndi zinthu ziti za anthu ena zomwe zili m'mafoni a atsogoleri, ndipo zidzachotsedwa bwanji nthawi yawo ikatha? Ndi wachinyamata uti wokhulupirika m'mudzimo yemwe angathandize achikulire pa ntchitoyi iwo akuona, popanda kusunga mapasiwedi awo?

Gulu lomwe layankha mafunsowa likhoza kupatula tsiku limodzi loti membala aliyense alembe m'kope la kunyumba imelo yake, nambala ya IMEI ya foni yake ndi manambala khumi ofunikitsitsa. Tsiku losinthana foni likadzafika, gawo loyamba lidzakhala litayambika kale, ndipo lotsala lidzakhala kumaliza kusunga, kutuluka m'maakaunti, kenako kufufuta.